Matiresi a Kuphiri

Ndinali nditangoyamba kuzira khonde, dothi lili m'manja mpaka m'zigongono, pamene Zena wa nyumba yoyandikana nafe anatulukira osaodira n'komwe.

"Amake Ajira, mwana wanu ali kuti?"

"Kumunda, akuthyola nandolo. Bwanji?"

"Nandolo wake wothyolera pa matiresi? Ndamuona ndi maso angawa akulowera kuphiri ndi amuna awiri achilendo, aliyense atabereka matiresi kumsana. Si ine ndekha. Amake a Latif analinso pamjigo pomwepo."

Latif ndi mnyamata amene akwatire Ajira mwezi wamawa. Ankhoswe anakambirana kale, a shehe anauzidwa kale. Koma amake ndi munthu woti akamva nkhani m'mawa, masana yafika ku Namwera. Ndinaona ukwati wa mwana wanga ukutha ine ndili chigwadire pakhonde.

Sindinasambe m'manja. Ndinamanga chitenje, ulendo.

Alendowo ndinkawadziwa ndi galimoto yawo, yomwe inkaima pa golosale chiyambire sabata. Ena ankati akufuna miyala ya mtengo wapatali, ena ankati akuyeza malo oti atilande. M'njira ndinaona miyala ili ndi zidindo zoyera za zala, ndipo mtima unandiuza kuti anthu osabisa kanthu sadinda miyala ya eni.

Kenako ndinamva mawu a mwamuna: "Phazi lakumanzere! Gwira pamwambapo, usasiye!"

Ndinatola ndodo.

Matiresi analidi pansi, atayalidwa m'tsinde mwa chimwala chachikulu ngati nyumba. Koma panalibe wogonapo. Amuna awiri aja anaima chilili, manja ali m'mwamba. Ajira anali atamatirira pamwalapo ngati buluzi, manja ali mbuu, kuphazi atavala tinsapato tothina ta eni ake. Pamwamba penipeni panali mzimayi wina, akukwecha mwala ndi burashi.

"Iwe Ajira! Nandolo uja ndi ameneyu?"

Anacheuka, dzanja n'kupulumuka. Mmodzi wa amunawo anamukankha paphewa, mwana n'kugwera pa matiresi, phi! Anadzuka akuseka, koma ataona ndodo kuseka kunatha.

"Chotsani manja pa mwana wanga, bambo."

"Pepani mayi," anatero. "Ndine Dyson, tachokera ku Blantyre. Uyu ndi Trevor, ali pamwambayo ndi mkazi wanga Victoria. Munthu akamagwa timamuwongolera pa matiresi kuti asamenyetse mutu. Ndi masewera chabe."

"Pamwambapo pali chiyani?"

"Palibe, mayi."

"Nanga mukweriranji? Kuseriku n'kosavuta, mbuzi zimakwera tsiku ndi tsiku."

"Ife timafuna mbali yovuta, imene munthu sanakwerepo. Tikaipeza timayeretsa pogwira, n'kuyesa mpaka titafika."

"Zoyerazo?"

"Ndi choko, choumitsa thukuta m'manja."

Amuna akuluakulu, ndevu pepeya, kuwotcha mafuta kuchokera ku Blantyre kudzakwera mwala wopanda kanthu. Ndinatsegula zikwama zawo osapempha. Munali madzi, nthochi, maburashi ndi ufa woyerawo. Ndinaununkhiza. Sunkanunkha kanthu.

"Amayi, musandichititse manyazi," anatero Ajira. "Anangondifunsa kumene kuli miyala ikuluikulu. Ine ndaloza, kenako ndati ndiyeseko. Apapa onsewa alephera, a Victoria achita kukwerera kuseri, ine ndatsala pang'ono."

"Watsala pang'ono kutaya banja. Apongozi ako akuona."

Apo ndiye nkhope yake inagwa.

Ndinaganiza msanga. Kufotokoza pakamwa sikukanathandiza. Ndani angakhulupirire zoti matiresi ndi ogwerapo? Inenso, amene ndinaona, ndinkakayikabe.

"Pindani limodzi, mundisenzetse," ndinatero. "Inu a Victoria tsikani, muyende ndi Ajira patsogolo. Abambo inu mutsalire kutali, ndisamve ngakhale kutsokomola kwanu."

Tinatsika choncho, ine limodzi lija lili pamutu. Sindinadzere njira yachidule. Ndinadzera pamjigo, kenako pakhomo pa amake a Latif, amene anali pamkeka akusankha mpunga.

"Salamu alaikumu, asewere."

"Alaikumu salamu. Kodi munali nawo limodzi kuphiriko?"

"Mukuona ndasenza chiyani?"

Ndinalitula pamaso pawo. Analidina ndi chala, kenako ndi chibakera. Linali lolimba ngati thabwa, lodzaza fumbi ndi minga.

"Apa munthu angagonepo?"

"Ndi logwerapo. Anthu a m'tauniwa amakwera miyala n'kumagwa. Mayi awa ndi amuna awo anafuna wowalozera njira."

Anayang'ana Victoria, anayang'ana manja oyera a Ajira, n'kufunsa:

"Mawa akapitanso?"

"Akapita ndiye kuti ine ndili pomwepo."

"Chabwino," anatero, akubwerera ku lichero lawo. "Lachisanu mubwere tidzakambe za nkhuni za paukwati."

Alendo anatenga matiresi awo. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'galimoto, kuti ndione ngati akweza mwala uliwonse. Sanakweze, koma matumba a mathalauza awo sindinawapise.

Kunyumba ndinapeza dothi litauma gwa, nkhuku zitapondaponda pomwe ndinazira kale. Ndinatuma Ajira kukatunga madzi, ndinagwada, n'kuyambiranso pakona.