Mpongozi wa Matayala

Munthuyo anafika Lolemba m'mawa, Mzime akulimbana ndi boneti. Sanagogode pageti ndipo sanaodire. Anangoima kuseri kwa mpanda atavala ovololo yotuwa, chikwama cha masipanala chili paphewa, maso ali pa kagalimoto kofiira ngati waona m'bale amene anasowa kalekale.

"Musalizenso," anatero.

Mzime anatembenuka, makiyi ali m'manja. "Ndinu ndani?"

"Mwaliza kale ndili pamsewu apo, ndamva. Ikuimba mluzu, eti? Utsi wake ndi wabuluu."

"Ndafunsa kuti ndinu ndani."

"Wodutsa."

"Ndiye dutsanitu."

Sanadutse.

Galimotoyo inali ya achimwene ake a Mzime, amene anamwalira chaka chatha atadwala kanthawi kochepa. Inali yaifupi, yopanda mchira, ya zitseko ziwiri zokha ndi china kumbuyo chotsekukira m'mwamba, mimba yake pafupi ndi nthaka ngati mphaka wobisalira mbewa. Achimwenewo sanakwatire, choncho amayi ankangoitcha mpongozi wawo wa matayala.

"Apongozi ena amabwera kudzathandiza pakhomo," ankatero amayi. "Wangayu anabwera kudzadya."

Sankanama. Petulo ankamwa wodula yekhayekha, oilo wake anali wapadera, matayala ake opyapyala ankaphulika ndi kadzenje kamene njinga imangodumpha. A inshuwalansi nawo akangoona kufiira kwake ankakweza mtengo. Chiitengereni Mzime, pampu ya madzi inadontha, kenako kilatchi inapsa, kenako kanyali kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero n'kukana kuzima. Malipiro ake a kushopu yosoka makatani ankangodutsa m'manja popita kugalaja.

Mlandu wonsewu amayi anausenzetsa munthu mmodzi, amene anagulitsa galimotoyo kwa mwana wawo. Nkhope yake sanaionepo, ankangodziwa dzina limene malemuyo ankatchula pafoni: Kamvuluvulu. Akapunthwa, Kamvuluvulu. Mkaka ukasefukira pamoto, Kamvuluvulu. "Tsiku limene ndidzamuone ameneyo, ndidzamukhuthulira madzi otsukira mbale."

Ndiye dzulo lake amalume anali atabwera ndi nkhani. Anapeza munthu wogula galimoto zakufa n'kumaziphwasula kuti agulitse masipeya, ndipo adzabwera naye Loweruka. Mzime analira, anakwiya, pomaliza anapempha chinthu chimodzi: ngati Lowerukalo galimotoyo itenge amayi kukawafikitsa kumsika wa kuseri kwa chitunda n'kubwerera popanda kuzima kapena kufuka, isagulitsidwe. Amayi anavomera chifukwa ankadziwa kuti sizingatheke.

Tsopano mlendo wa ovololo anali atalowa pageti. Anawerama, naloza kachitsulo kopiringizika ngati nkhono pambali pa injini.

"Iyi ndi tebo. Imapopera mpweya mu injini, n'chifukwa chake kagalimoto kakang'ono chonchi kamathamanga ngati kakuthawa apongozi. Yafa. Amayendetsa ndani?"

"Ine."

"Mukafika kumene mukupita mumatani?"

"Ndimatsika."

"Musanatsike."

"Ndimazimitsa."

"Nthawi yomweyo?"

"Nanga ndiziyamba ndaimba nyimbo?"

Munthuyo sanaseke. "Ikathamanga, tebo imatentha mpaka kufiira. Mukazimitsa msanga, oilo amasiya kuyenda, wotsalira m'katimo amapserera. Lero pang'ono, mawa pang'ono. Imafuna muime, injini izilira chapansipansi, ipume kaye. Mwini wake ankadikira."

Mzime anakumbuka. Achimwene ake akafika pakhomo sankatsika msanga. Ankakhala m'galimoto injini ikung'ung'udza, dzanja lili pachiwongolero. Amayi ankati akutsanzikana ndi atsikana pafoni. Mzime, amene mutu wake unkakonda kuluka nkhani, ankati pali mkazi wina wachinsinsi kutali, wa maso achisoni. Kani kunalibe mkazi. Ndipo amene anapha tebo sanali Kamvuluvulu, anali iye mwini, ndi dzanja lake lofulumira.

Mzime anamuyang'ana munthuyo. "Mwadziwa bwanji kuti ankadikira?"

"Ikanafa kalekale."

Yankho linali lomveka, koma maso ake anali atathawira kumpanda.

"Yatsopano simungaikwanitse," anapitiriza. "Koma mtima wake wa m'katiwu umagulitsidwa pawokha. Pali mpata."

"Ndipo inu mufuna zingati?"

"Palibe. Ine sindigwira sipanala. Mugwira ndinu, achemwali."

"Ine ndimasoka makatani!"

"Ndiye zala zanu zikhoza kulowa pamene zanga sizingalowe. Mverani. Galimoto iyi siitha matenda. Mukachiza ili, lina likuyembekeza pamzere. Mukamathamangira kugalaja ndi chimfine chilichonse, idzakudyani mpaka nsapato. Mukufuna kuisunga, phunzirani. Apo ayi, alekeni aphwasule."

Mzime anayang'ana nyali za galimotoyo zoyang'ana mokwiya, naganizira munthu wa masipeya akuzizula. Anavula wotchi n'kuika m'thumba. "Ndipatseni sipanala."

Kuyambira tsikulo ankaweruka masana n'kupeza munthuyo atakhala pachidebe pafupi ndi geti. M'nyumba sankalowa. Ankangoloza ndi kulamula: osati iyo, inayo, musakakamize, ikani manati m'mbale motsatana monga mwawachotsera. Zikhadabo za Mzime zinathyoka, girisi analowa mpaka m'tsitsi. Ndalama zimene ankasungira makina akeake osokera zinapita kukagula mtima wa tebo. Anazipereka osayang'ana m'mbuyo.

Kuntchito mayi wosita anagwira dzanja lake nalitembenuza. "Iwe, manja awa ukhudze nawo nsalu yoyera ya anthu? Kodi waovololo ujayo ali pabanja?"

"Sindikudziwa."

"Dzina lake?"

"Sindikudziwa."

"Kwawo?"

"Mayi, sindikudziwa!"

"Koma tsiku lililonse uli naye pansi pa boneti. Ife kale tinkayamba tafunsa dzina."

Mzime anaseka, koma singano inamubaya kawiri masana amenewo. Ankaganiza za chipsera chaching'ono pachibwano cha munthuyo, ndiponso mmene ankapendeketsera mutu pomvetsera chitsulo ngati chikumunong'oneza.

Lachinayi zinthu zinavuta. Bawuti ina inali itagwirana ndi dzimbiri, Mzime anakoka ndi mphamvu, inathyoka. Ndipo atachotsa kapaipi kopititsa oilo ku tebo, anapeza katatsekeka ndi mwaye wolimba ngati khala.

"Mukaika mtima watsopano pa paipi iyi, ufa musanafike pamphambano," anatero munthuyo. "Ifunika ina. Ndipo bawutiyo tiiboole. Nthawi yatithera, achemwali. Mwina tiuze amalume anu awonjezere sabata."

"Amalume sawonjezera ngakhale shuga mu tiyi wa mlendo. Ndiboola lero. Paipi ndikaisaka mawa."

Mzime anaboola yekha, thukuta likulowa m'maso, mpaka chidutswa cha bawuti chinatuluka. Atadzutsa mutu anapeza munthuyo akumuyang'ana, osati ngati mphunzitsi. Onse awiri anayamba kufunafuna sipanala imene inali pamaso pawo.

Amayi, amene sabata yonse ankasuzumira pawindo, anatuluka ndi makapu awiri a tiyi.

"Imwani, bambo. Ana aulemu ngati inu akusowa masiku ano. Mukuvutika ndi katundu wa eni popanda kulipidwa. Pamene wotigulitsa chilombochi, Kamvuluvulu uja, ali phee kwinakwake akunenepa. Koma madzi otsukira mbale akumudikira."

Tiyi anamulowa pena munthuyo. Anatsokomola mpaka misozi, amayi akumusisita pamsana.

Amayi atalowa, Mzime anapita kukatenga jeke kumbuyo kwa galimoto. Chitseko cha kumbuyocho chinali ndi khalidwe lake: sichinkatseguka pokhapokha utachikankha ndi bondo chakumanzere kwinaku ukukoka. Asanafike, munthuyo anali atadutsa kale, bondo pamalo pake penipeni, chitseko n'kukwera. Palibe anamuuzapo.

Anayang'anana.

"Achemwali, pali zimene ndiyenera..."

"Ayi." Mzime anakweza dzanja. Ankadziwa kuti dzina lina likangomveka pakhomo pano Loweruka lisanafike, amayi sakweranso galimotoyo ngakhale itamera mapiko. "Dzina lanu lisungeni. Ndilibe nalo ntchito mpaka Loweruka. Gwirani tochi apa."

Lachisanu anayenda mashopu a masipeya mpaka mapazi anatupa. Paipi anaipeza kwa mkulu wina wogontha kumapeto kwa msewu, pansi pa mulu wa magalasi osweka. Dzuwa lisanalowe anali atamanga zonse, atathira oilo watsopano.

Loweruka amalume anafika m'mawa ndi munthu wa masipeya, wamimba, chotokosera mano chili pakamwa. Anayamba kuzungulira galimotoyo ngati wogula ng'ombe yokapha, akugogoda apa, akusisita apo.

"Nyali izi zipita lero lomwe. Mipandoyi ndili naye kale woifuna."

"Chotsani dzanja," anatero Mzime.

"Mwana iwe, ulemu," amalume anadzudzula. "Liza tione. Ife tili ndi kopita."

Mzime anapinda mpando wakutsogolo kuti waovololo alowe kumbuyo. Analowa chopindika, maondo kufika pachibwano. Kenako amayi anakhala kutsogolo, chikwama chili pamiyendo, nkhope ngati akupita kwa dokotala wa mano.

Anapotoza kiyi. Injini inadzuka n'kuyamba kung'ung'udza bwinobwino. Panalibe mluzu. Amalume anathamangira kumbuyo kukayang'ana utsi, nabwerako manja ali m'thumba.

Anatuluka pang'onopang'ono, Mzime akuzemba maenje ngati akudutsa pakati pa ana ogona. Chimene ankaopa chinali chitunda. Pamenepo m'pamene tebo imagwira ntchito, pamenepo m'pamene bawuti yomangidwa molakwa ikanadziulula. Atafika m'tsinde mwake anayang'ana pagalasi. Munthuyo anagwedeza mutu.

Anaponda moto.

Kagalimotoko kanakoka mpweya n'kuwakankhira onse kumipando. Mitengo ya m'mbali inasanduka mzere umodzi.

"Mzime! Sindikuthamangira kumwamba ine!" Amayi anagwira lamba ndi manja onse. Koma pofika pamwamba, mphepo ikuwavula mpango, Mzime anamva phokoso limene sanalimve chimwalirireni achimwene. Amayi ankaseka.

Kumsika anagula sopo yekha, kungoti pakhale umboni. Pobwerera anapeza amalume ndi wa masipeya atakhala pakhonde. Mzime anaimitsa pageti, nakoka buleki ya dzanja, nasiya kiyi pomwepo. Injini inapitiriza kung'ung'udza.

Amayi anagwira chotsegulira chitseko, kenako anaima. "Nanga sukuzimitsa? Nawenso wayamba za mchimwene wako?"

"Ikupuma, amayi. Ikathamanga imafuna kudikiridwa kuti izizire. Achimwene ankadikira zimenezo."

"Si atsikana?"

"Sanali atsikana."

Amayi anachotsa dzanja pachitseko. Anayang'ana chiwongolero nthawi yaitali, pamene chikopa chinaperepeseka ndi dzanja la mwana wawo. Kenako anatsitsa galasi.

"Amalume! Auzeni bambowo azipita. Mpongozi wanga sakupita kulikonse."

"Koma mlongo wanga, mawa ifanso imeneyi!"

"Ikafa adokotala ake ndi awa," anatero amayi, akuloza zikhadabo zakuda za Mzime. Anakweza galasi, natembenukira kumbuyo. "Tsono inu bambo. Malemu mwana wanga uja sanabadwe akudziwa zodikira injini. Anamuphunzitsa ndani?"

Mzime anagwira chiwongolero zolimba. Galimoto ya zitseko ziwiri ilibe chifundo: wokhala kumbuyo satuluka pokhapokha wakutsogolo atatsika n'kumupindira mpando. Ndipo amayi sankaoneka ngati munthu wofuna kutsika.

"Ndine, amayi," anatero munthuyo. "Ndinamuuzanso kuti idzamudya, iye anati ayi, bola adyedwe akusekerera. Ali m'chipatala anandiimbira. Anati mlongo wanga ndi wouma mutu, sadzaigulitsa, koma ali ndi dzanja lofulumira, udzamuphunzitse kudikira. Ndinali kutali ndi ntchito. Ndachedwa."

"Sabata yonse muli pakhomo panga, mwamwa ndi tiyi wanga," anatero amayi pang'onopang'ono, "koma dzina lanu sindinalimve."

Munthuyo anayang'ana Mzime pagalasi. Mzime sanathawitse maso. Loweruka linali litafika.

"Musanatsike, amayi, ndingopempha kuti madzi otsukira mbale aja asakhale otentha." Anavula chipewa, nachifinya m'manja. "Ndine Kamvuluvulu."