Denga Lomwe Linatha pa Kompyuta

Ofesi yatsopano anaiika m'chipinda chomwe kale munkasungidwa mapulani ndi zipewa zolimba. Anatulutsa zonse, n'kupaka penti yoyera, khoma limodzi n'kuligwetsa kuti aikepo galasi. Kenako anapachika chisikirini chachikulu ngati chitseko chochita kugoneka, pakhomo n'kulembapo kuti Ofesi Yoyang'anira Mapulojekiti. Eetu, kampani yomwe yakhala ikumanga nyumba zaka makumi awiri tsopano inkafuna munthu woti aziiuza kuti nyumba imayambira pansi.

Munthuyo anabweradi, wovala nsapato zosongoka zomwe sizinapondepo matope chizigulireni. Amisiri sanachedwe kumupatsa dzina lakuti a Peresenti, chifukwa ngakhale tiyi wawo ankati amumwa mpaka pa fifite peresenti.

Tsiku loyamba anaitana akapitawo onse. Wamkulu mwa iwo, yemwe aliyense ankangomuti Kapitawo ngati kuti ena aja ndi achabechabe, anakhala kumbuyo atakumbatira chipewa chake. A Peresenti anayamba kuloza pa sikirini ndi kandodo kowala.

"Ntchito iliyonse ili ndi kabokosi kake. Lachisanu lililonse muzilowa mu pulogalamuyi ndi dzina lanu komanso mawu anu achinsinsi. Ntchito ikatsalira, kabokosi kazifiira. Ikamayenda bwino, kazibiriwira. Ndipo kireni ija mumalimbirana ija, kuyambira lero iziperekedwa ndi pulogalamu, kwa amene watsalira kwambiri."

Apo pokha ndi pomwe Kapitawo anatchera khutu. Kampani inali ndi kireni imodzi yokha, chimakina chokwezera zinthu zolemera m'mwamba, ndipo iye ankaifuna kuposa wina aliyense. Ankamanga holo yodyeramo ya sukulu ina. Makoma anali ataima, aataliatali, koma mitanda yachitsulo ya denga inali gone pansi, yolemera moti anthu makumi awiri sakanainyamula. Mvula inali itatsala milungu itatu kapena inayi. Ikapeza holo ija ili yasa, madzi adzadzadza m'katimo n'kulowerera ku maziko, ndipo makoma omwe iye anawayezera yekha adzayamba ming'alu.

Anayesa kamodzi kulowa mu pulogalamu ija pa foni yake. Zala zake zokhakhala ndi simenti zinkadina zilembo ziwiri nthawi imodzi. Pulogalamu inamukana katatu, kachinayi n'kumufunsa ngati analidi munthu. Iyeyo! Anang'amba kapepala ka thumba la simenti, n'kulembapo mawu ake achinsinsi, n'kukakaponya pa desiki ya a Peresenti.

"Achimwene, ine zoseweretsa za ana ndilibe nazo nthawi. Ndizikuimbirani, inu muzilemba."

"Palibe vuto, akuluakulu," anatero a Peresenti, akunyamula kapepalako ndi nsonga za zala ngati kali ndi matenda.

Lachisanu loyamba Kapitawo anaimba. "Denga kulibe. Lembani chofiira."

"Zamveka, akuluakulu."

Lachisanu lachiwiri ndi lachitatu anaimbanso mawu omwewo, yankho n'kukhala lomwelo. Koma kireni osabwera. Tsiku lina anaiona ndi maso ake ikudutsa pamsewu, ikupita kukakweza kathanki ka madzi pa nyumba ya munthu, kathanki koti amuna anayi ndi chingwe akanathana nako asanadye nkhomaliro. Anatukwana pulogalamu, anatukwana amene anaipanga, anatukwana ndi galasi lomwe. Koma kutsegula foni kuti aone zomwe zinalembedwa pa dzina lake, ayi, zimenezo zinali zomuchepera.

Mwezi uli pafupi kutha, Abwana eni kampani anaitanitsa msonkhano mu ofesi ya galasi ija. Panali mabisiketi m'mbale ndi madzi a m'mabotolo, ndipo mpweya wozizira unkatuluka m'kabokosi pamwamba pa chitseko. Kunja mitambo inali itayamba kuda m'munsi. Kapitawo analowa ndi jombo zake dala, kuti matailosi aja alaweko dothi.

A Peresenti anayatsa sikirini. Koma abale inu! Kubiriwira kwake ngati dimba la mpiru. Kapitawo anafufuza mzere wake, ndipo anaupeza pamwamba penipeni: holo yodyeramo, denga, eyite peresenti.

Anasendera kwa a Peresenti. "Ichi n'chiyani?"

"Zitsulo zinafika?" ananong'ona a Peresenti.

"Zinafika."

"Malata?"

"Ali m'shedi."

"Ndiye vuto lili pati, akuluakulu? Zonse zilipo. Kwangotsala kukweza basi."

Kwangotsala kukweza basi! Apa m'pamene Kapitawo anamvetsa: munthuyu analonjeza Abwana kuti ofesi yake isintha zinthu m'mwezi umodzi, ndipo poti nyumba sakanatha kuzisintha, anasintha mitundu. Kireni inkapita kwa ofiira, pamene iye, wopanda denga, anali wobiriwira kuposa onse.

Abwana anaimirira akumwetulira. "Taonani mkulu wathuyu. Ena mumati achikulire sangazolowere makompyuta. Tiyeni tiwawombere m'manja." Anthu anawomba, ena akutafuna bisiketi. "Ndiye poti holo yatsala pang'ono, owotcherera zitsulo anu anayi Lolemba apite akathandize ku nyumba zosanja. Kumeneko kukufiira."

Owotcherera akachoka, ngakhale kireni itabwera, panalibe womangirira mitanda ija. Kapitawo anakankha mpando kuti aimirire, koma a Peresenti anamugwira mkono wa malaya.

"Musanalankhule, akuluakulu," anatero motsitsa mawu, "pulogalamu imasunga dzina la aliyense amene walemba. Mizere yonseyo yalembedwa ndi inuyo. Ine dzina langa mulibemo."

Anali kunena zoona, kamunthu kameneka. Kapepala ka simenti kaja anakaponya yekha pa desiki, popanda womukakamiza. Akakhala chete atuluka muno ndi ulemu, mvula n'kudzamaliza yokha nkhaniyo, aliyense n'kumati ndi tsoka. Akalankhula, wabodza akhala iyeyo. Ankamunyoza munthuyu kuyambira tsiku loyamba, koma tsopano anadzinyansa yekha kwambiri, chifukwa kwa kanthawi ndithu anaganizadi zokhala chete.

Anachotsa dzanja lija pa malaya ake n'kuimirira.

"Bwana, denga kulibe. Palibe mtanda ngakhale umodzi womwe wakwera. Ndikufuna kireni mawa, ndipo owotcherera asachoke."

Abwana anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana Kapitawo.

"Nanga izi analemba ndani?"

A Peresenti anadina kamodzi, mwaulemu wonse. Dzina la Kapitawo linatuluka katatu, Lachisanu lililonse, ndi ola lake lomwe.

"Ndinawapatsa mawu anga achinsinsi," anatero Kapitawo. "Ndinkawaimbira kuti alembe chofiira."

"Ine ndimangothandiza achikulire akasokonezeka," anatero a Peresenti, maso ali pansi. "Za kumalo omangira sindingazidziwe."

Abwana anapukusa mutu. "Ndiye mukundiuza kuti kaya munanama, kaya munapereka dzina lanu kwa munthu wina n'kukhala milungu itatu osaliyang'ana. Sankhani nokha chomwe chili chabwinoko." Kenako anagamula. "Kireni ipita mawa. Owotcherera akhale. Koma holo ija aimalize wina, inu mudikire kalata kunyumba."

M'mawa mwake Kapitawo anapitabe ku holo kuja, poti miyendo inali itazolowera njira. Mlonda wa pageti, munthu yemwe iye anamulemba ntchito yekha, anayang'ana pa foni yake n'kukanda m'mutu.

"Pepani, bambo. Akuti amene sali mu pulogalamu asalowe."

Kapitawo anaima kunja kwa mpanda, zala atazikoleka mu waya. Kireni inadzutsa mtanda woyamba pang'onopang'ono, ndipo unayamba kupendekera kumanzere, monga ankadziwira kuti utero. Anakuwa kuti akoke chingwe cha kumanja. Owotcherera anayi onse anatembenuka kumuyang'ana, kenako anayang'ana kapitawo watsopano, kudikira kuti anene iyeyo.