Mausi Yakale ya Flossie

"Dinaninso, anti," anatero Rozina.

Flossie anadina mpaka chala kuwawa, koma mausi ya kompyuta inangoti zii. Rozina anali atapalasa njinga kuchokera kwa Kanduku kudzatumiza fomu ya sukulu ya unamwino m'kashopu ka Flossie kotayipira makalata, pa boma la Mwanza. Mafomuwo ankatseka folo koloko, apa n'kuti ikuthamangira fili. Akaphonya, ndiye kuti chaka china kumunda.

Flossie anazula mausiyo n'kuthamangira kwa a Lukman, okonza mafoni pakhonde la golosale. Iwo anaimasula, n'kupukusa mutu.

"Iyi mwaitenga kuti?"

"Anandigulira achimwene ku Tete. Akuti siiwonongeka."

"Imachedwadi kuwonongeka. Batani lake limayendera kuwala, mulibe tizitsulo togundana. Koma ikafa yafa, kaswichi kake muno m'Mwanza simungakapeze. Yakale ija ili kuti?"

Flossie anachita manyazi. "Ija inkati ukadina kamodzi, iyo kawiri. Pano ndimapsinjira mapepala kuti asauluke."

"Mayi inu! Munthu wangodwala chimfine, inu mwakumba kale manda? Kaitengeni!"

Anabwera nayo ali wefuwefu, fumbi lokhalokha. A Lukman anaipukuta ndi malaya awo, n'kumuonetsa m'kati.

"Onani, timaswichi ta zitsulo tiwiri tofanana. Kakumanzere katopa, kakumanja simukavutitsa kwenikweni. Tingotisinthanitsa."

Anatenthetsa chowotcherera chawo, osapupuluma ngakhale pang'ono, pamene Flossie mtima unali m'mwamba, maso pa wotchi. Anachotsa kena, kuika kena, kuuzira, kumanga.

"Thamangani. Zothokoza pambuyo."

Flossie anapeza Rozina atazyolika pampando. Analumikiza mausi ija, n'kudina. Inamvera kamodzi, bwinobwino! Anaika satifiketi, anaika chithunzi, ndipo fomu inapita kutatsala mphindi naini.

Rozina anagwira pakamwa, misozi mbwembwembwe.

"Usathokoze ine, mwanawe," anatero Flossie, naye maso atafiira. "Ine mausiyi ndinali nditaitaya kale."

Mtsikanayo anadzuka. Anatuluka, kuwoloka msewu, n'kukagwada pakhonde la golosale, anthu onse akuona.

"Zikomo, bambo. Mwandipulumutsa."

A Lukman anasowa poyang'ana. Anakanda m'mutu ndi sikuludiraiva.

"Dzukani, anesi, mudetsa siketi. Mukadzavala yoyera ija, jakisoni wanga mudzabaye mwachifundo."