Duwa la Nankhoma Pansi pa Simenti

A Gwaza analota masanasana, ali pampando wandalema pakhonde, kuti pakati pa bwalo lawo pali chitseko.

Bwalolo anali atalithira simenti mwezi wapitawo, patangopita nthawi yochepa chimwalirireni mkazi wawo, Nankhoma. Iwo ankauza anthu kuti atopa ndi fumbi, koma limenelo linali bodza la mkunkhuniza. Chinawavuta ndi tsache. Mwamuna wa imvi zake kumawerama m'mamawa, amayi opita kumjigo akumuponyera moni wachisoni, iwo anaona kuti manyazi ake ndi osapiririka. Anayesako masiku angapo, kenako anaitana mmisiri.

Pabwalopo Nankhoma anali ndi duwa limene anabwera nalo kuchokera kwawo ku Dedza pokwatiwa. Linkatuluka ndi mvula yoyamba, lofiira, lobulungira ngati mpira wa ana, masamba n'kumabwera pambuyo. M'chilimwe linkazimiririka lonse, n'kutsala mabotolo okha amene mayiyo anawazika chozondoka kuzungulira malowo. Mmisiri atafunsa za mabotolowo, a Gwaza anayankha ali m'nyumba kuti azule, zimenezo zinauma kalekale.

Chitseko cha m'malotocho chinali cha kukhitchini kwawo, chokhala ndi msomali wopinda uja m'malo mwa loko, koma chinagona chagada pasimenti. Anachitsekula. Mabotolo aja anali atandanda kupita pansi ngati makwerero, ndipo lililonse akaliponda linkatchula dzina lawo motsitsa mawu.

Pansipo anapeza bwalo lawo lakale, la dothi, losesedwa bwino. Kumwamba kokha n'kumene kunali kwachilendo: m'malo mwa mitambo kunali simenti, yotsika moti munthu wamtali sakanaima chilili. Tsache linkasesa lokha. Litafika pamapazi awo linaima mwaulemu, n'kuwapempha kuti asunthe pang'ono, lipitirize ntchito. Silinawasungire mangawa, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa likanawanyoza.

Nankhoma anakhala pamkeka, atatambasula miyendo monga mwa nthawi zonse. Sanali wowonda monga anathera kuchipatala. Pamiyendo pake panali chinthu chonga anyezi, chachikulu ngati khanda, ndipo chinkapuma. Pamutu pa chinthucho panali nsonga yobiriwira imene inkatalika mpaka kukagunda simenti, gu, gu, gu, kenako n'kubwerera kukapumula.

"Mwafika, bambo a Lonjezo," anatero Nankhoma. "Khalani pansi. Mutu mungagunde denga lanu."

Anakhala. Anafuna kupepesa, koma atatsekula pakamwa munatuluka mchenga wa kudambo, wosefasefa, n'kuunjikana pamkeka. Tsache linabwera n'kuusesa.

Mayiyo sanawadzudzule. Anayamba kuwalangiza ndi mawu omwe aja ankawauzira kumene kuli malaya ochapa. Anati duwali m'chilimwe silifa, limagona, ndipo osalithirira likagona chifukwa limawola. Anati masamba akayamba chikasu asawazule, agwe okha, poti chakudya chake chimabwerera pansi. Manyowa akhale a mbuzi, owola bwino, ndi phulusa pang'ono. Likabereka tiana m'mbali, apatule kamodzi akapatse mwana wawo Lonjezo ku Balaka, popeza anamulonjeza koma matenda anamudula. Ndipo adzukulu asamaliseweretse, si anyezi wodya.

A Gwaza ankangogwedeza mutu. Zaka zonsezo sankadziwa kuti duwa lili ndi malamulo ochuluka chonchi, iwo amene ankadziwa pamtima mayina a osewera mpira a mayiko a kutali.

Pamenepo chinthu chija chinayankhula, ndi mawu a mwana wongodzuka kumene. Chinati chamva fungo la mvula, ndipo mphamvu zogogodera zatsala pang'ono kutha. Chikalephera ulendo uno, sichidzayesanso.

Denga linatsika. A Gwaza anamva kuzizira kwake pankhongo.

Nankhoma anati safuna kuti aswe bwalo lonse, ayi, awononga kale zambiri. Aboole malo aakulu ngati lichero basi. Koma asamenye piki mwachimbulimbuli, chifukwa akalasa pamutu pa duwalo, ndiye kuti alipha kawiri.

Apa mawu anatuluka bwinobwino, opanda mchenga.

"Nankhoma, paja munalibzala pati?"

Mayiyo anawayang'ana. Pankhope pake panalibe mkwiyo, koma kutopa kwa munthu amene wanyamula mtolo n'kupeza kuti kumene akupita kulibe womutula.

"Chaka chilichonse likamasula ndinkakuitanani kuti mudzalione," anatero. "Inu munkayankha muli pawailesi kuti n'lokongola."

Iwo anachonderera kuti angowalozera ndi chala. Nankhoma anakwezadi dzanja, koma denga linali litafika kale pamapewa, ndipo chalacho chinaloza m'mwamba, pamene paliponse panali potuwa mofanana. Tsache linagona pansi. Mabotolo anatchulanso dzina lawo, tsopano mofulumira.

A Gwaza anadzidzimuka ndi kugunda kwa bingu. Kumwamba kunali kutada bii chakumapiri, mphepo ikuthamangitsa masamba a mango pasimenti. Anadzambatuka osavala nsapato, nakatenga piki kuseri kwa nyumba, n'kudzaima pakati pa bwalo.

Mmisiri uja ntchito yake ankaidziwa, tisamunamizire. Bwalo linali losalala kuyambira pakhonde mpaka kumpanda, lopanda mng'alu ngakhale umodzi. A Gwaza anayenda cha kumtengo wa mango, n'kukayika. Anabwerera cha ku chingwe choyanikira zovala. Ankakumbukira kufiira kwake, inde, kufiira kwinakwake m'mbali mwa diso akamatulutsa njinga m'mawa, koma kaya kunali kudzanja lamanja kaya lamanzere, mutu unakana. Chisoni chimene chinawagwira pamenepo chinaposa cha kumanda, chifukwa kumanda kuja ankadziwa pomwe pali mkazi wawo.

Madontho oyamba anagwa, akuluakulu, n'kumauma pomwepo pasimenti yotentha. Anaika piki pansi. Anagwada, n'kugunditsa khutu pabwalo, kumvetsera. Sanamve kanthu. Anakwawa pang'ono n'kugunditsanso.

Amayi ochokera kumjigo ankadutsa chothamanga, ndowa zili pamutu, kuthawa mvula. Ataona mkuluyo akukwawa pabwalo anaima pampanda, ndipo mmodzi anafunsa ngati agwa kapena ataya kanthu.

A Gwaza sanadzutse mutu. Anangokweza dzanja.

"Pepani, amayi, khalani chete pang'ono. Mwina ligogodanso."