Tsiku Limene Amayi Anathira Mchere

Chibwerereni kuchipatala, amayi ake a Tionenji sankathira mchere m'ndiwo. Nyemba zikapsa ankangoitana: "Tiyo, dzathire." Kunyumba kwawo ku Chinsapo, mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, ndipo mwamuna akaona zimenezo amagona payekha osafunsa.

Koma amayi sanali kumwezi. Tionenji ankadziwa, poti ndiye anawaperekeza. Nesi anawapeza ndi tizilonda pakhomo la chiberekero, n'kutiwotcha tsiku lomwelo. Kenako anafotokoza, Tionenji atazolika ndi manyazi, kuti kachilombo kake ndi HPV, kamafala pogonana, ndipo azimayi ambiri ali nako osadziwa, makamaka okwatiwa ali ang'ono kapena amene amuna awo ndi oyendayenda.

"Mayi, mwezi ndi theka osakhala malo amodzi ndi abambo," anatero nesi. "Bala likapanda kupola, tidzakumana pa khansa. Abwere ndiwafotokozere ndekha."

Panjira amayi anaseka kuseka kosakoma. "A Gwanda, bambo akowa, abwere kuchipatala cha azimayi? Adzati ndakatenga kuti matendawa." Ndiye anasankha mchere kuti uziwayankhulira.

Poyamba zinayenda. Abambo ankafika kuchokera ku minibasi yawo ya ku Area 36, kudya, n'kuyala mkeka pabalaza. Koma masabata atapitapo, tsiku lina madzulo analawa ndiwo n'kuyang'ana Tionenji.

"Dzanja la mwanali lidakalipobe? Amake Tiyo, mwezi wanuwu ngotani wosalowa? Kapena ndizikadyera ku Biwi?"

Za ku Biwi anthu onse pamzere wawo ankazidziwa. Kunali Mirriam, wogulitsa kaunjika.

Tionenji mawu onse a nesi anali nawo m'mutu, mwadongosolo ngati zolemba za mayeso. Anatsegula pakamwa. Koma mwana wamkazi angayambe bwanji kuuza bambo ake za kuchipinda? Anangowapatsa madzi osamba m'manja.

Mawa lake bonya ali pambaula, Tionenji anatenga botolo la mchere monga mwa masiku onse. Amayi anamugwira dzanja.

"Bweretsa."

"Amayi, nthawi sinakwane. Nesi anati..."

"Nesi ali ndi banja lake. Bambo ako akapita ku Biwi osabwerako, ana anganu, iwe ndi Bright, mudzadya nesiyo?"

"Nanga mukadwala?"

Amayi anatsegula botolo lija. Anatapa mchere ndi zala zitatu, n'kuwaza, n'kutakasa. Tionenji anaimirira pompo, botolo lili m'manja, akuona timibulu tija tikusungunuka mumsuzi. Panalibenso choti n'kutola.

Pa chakudya abambo analawa, nkhope n'kuwala.

"Eyaa! Lero ndiye kwaphika mwini nyumba." Anauza Bright, mng'ono wa pakhomopo, kuti apinde mkeka uja akauike kuseri kwa chitseko. Kenako anatembenukira kwa Tionenji. "Iwe, sukudya bwanji? Ndiwo zokoma chonchi?"

"Ndikudya, Ababa," anatero.

Ndipo anadyadi, maso ali pa amayi ake, amene ankangosewera ndi mbamu yawo.