Wotola Zilembo M'matope

1.
Pepala lolembedwa sapondapo. Wopondapo amachita khungu. M'tauni ina ya ku China wakale, ngakhale mwana ankazidziwa zimenezi. Ntchito ya mkulu Pang Delu inali kutola pepala lililonse la zilembo, kukaliwotcha mwaulemu m'ng'anjo ya kukachisi, phulusa n'kukalithira mumtsinje. Kuwerenga sankadziwa, koma ulemu ankaudziwa.

2.
Kunabwera mzungu wa mishoni, Abusa Linklater, ndi mabokosi a timabuku ta Yesu.
Ulere.
Anthu analimbirana ngati nyerere pa shuga. Abusawo anasangalala, osadziwa kuti anthu ankangofuna pepalalo.

3.
Zimene Pang anatola:
tsamba lokulungira nsomba
tsamba lotsekera bowo la windo
tsamba m'khola la nkhumba
lina, pepani, kuseri kwa chimbudzi.
Pepala lolembedwa sapondapo.

4.
Ndipo mutu wa Pang unayamba kuwira chifukwa munthu wanzeru zake sangawoloke nyanja kudzamwaza mawu a mulungu wake m'matope popanda chimene akufuna ndipo mzungu yemweyo ali ndi kachipinda kochiritsiramo maso komwe amasunga timipeni ndiye tawerengerani nokha amwaze zilembo anthu apondepo achite khungu kenako apite okha kukagona chagada pansi pa mpeni wake

5.
Anakumana pang'anjo, utsi uli tolotolo.
Bambo Pang, anatero Abusa, mukuwotcheranji mawu a Mulungu? Wakutumani ndani?
Nanga inu Abusa, anatero Pang, mukuwatayiranji m'matope? Wakutumani ndani?
Aliyense anapita kwawo atakhutira kuti wamugwira mdani.

6.
Ng'ala.
Inamuyamba Pang diso lamanzere, n'kudzalowa lamanja. Tsiku lina Pang anabwera kukachisi ndi dengu lodzaza masamba a mitengo, akuti ndi mapepala. Anthu anaseka. Iye analira. Zinamuwawa kwambiri, pakuti m'tauni monsemo munthu amene sanapondepo chilembo chibadwire anali iyeyo.
Wandilodza mzungu uja, anatero Pang.

7.
Pitani kumishoni abambo, anatero mkazi wake Shuying, mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa.
Kalumoko ndiye ndikukaopa, mayi.
Ndiye mufe muli mumdima? Ine ndilibe mphamvu zokutsogolerani ndi ndodo.
Pang sanamvetse chifukwa chake mayiyo ankaumirira choncho.

8.
Anapita. Anamuvula nsapato, n'kumugoneka pathebulo. Pang anamva Abusa akupumira m'mwamba, Shuying n'kunong'ona kuti chonde, chonde Abusa.
Agwirizana, anaganiza Pang. Onse awiri.
Kalumo kanatsika.

9.
Tsiku lomasula nsalu imene anamumanga kumaso, kuwala kunamubaya. Nkhope ya mzungu anaikana, anayang'ana pansi. Nsapato zake zinali pomwepo, imodzi itagadabuka, kuphazi kwake kutaperepeseka. Mong'ambikamo munaoneka mapepala osanjikizana, osokedwa ndi ulusi wa m'nyumba mwake. Zilembo zakuda bii, zooneka bwino lomwe.
Kuyambira liti, mayi?
Chibwerere mzunguyu. Nsalu yosokera nsapato inasowa, abambo. Chisanu chinkakung'ambani mapazi mpaka magazi.
Pang anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali ndi maso ake atsopanowo. Mayiyo anali atakalamba kwambiri, manja ali zipsera za singano zokhazokha.
Abusa, anatero Pang, mundimangenso nsalu ija.