Tsiku Limene a Dede Okwudili Anaima Chadodolido

Inu amene munasalaza mabenchi a sukulu ndi matako, tandimasulirani ndagi iyi. Kanthu kosaposa mtedza wa kola kamameza munthu wamkulu ndi chipewa chomwe, n'kumuimika mutu pansi miyendo m'mwamba, mwiniwake osamva n'chizungulire chomwe. N'chiyani? Musathamange, mungapunthwe. Ujunwa, mwana wa telala Ogbonna wa mumzinda wa Aba, anatha chaka chathunthu akulimbana nako m'buku, chonsecho anali nato tiwiri pankhope pake.

Mtsikanayu ankafuna kukaphunzira za maso ku yunivesite, adzakhale mmodzi wa aja amakukhazika pampando n'kukuwerengetsa zilembo zomanka zichepa mpaka uvomere wekha kuti wakalamba. Chaka chapitacho mayeso olowera anamugwetsa, ndipo yomwe inamupinga mwendo inali fizikisi. Bambo ake anati ayesenso kamodzi, kamodzi kokha. Mayesowo anali Loweruka la sabata yotsatira.

Ankawerengera m'shopu ya bambo akewo, kuseri kwa makina, buku atalisanjika pamulu wa nsalu za eniake. Anali pamutu wa kuwala ndi magalasi, womwe unamudya chaka chatha. Masamu ake tsopano ankawatha, koma ankawatha ngati munthu woimba nyimbo ya chinenero chimene sachimva.

Ndiye panali a Dede Okwudili, akulu awo a Ogbonna, ogulitsa mandala pamsika pansi pa ambulera. Anthu ankawatchula Dokita, ndipo amene anayambitsa dzinalo ndi iwo omwe. Sankachoka pakhomo opanda chipewa chofiira ndi mandala a mikombero yagolide, omwe ankati anawapangitsa ku Jeremani maso atatha ndi kuwerenga. Chimene ankawerengacho palibe anachionapo. Iwowa anali atapeza malo a thebulo lachiwiri la mandala, ndipo ankafuna Ujunwa akayambe kukhalapo Lolemba. Ogbonna chibadwire anali asanatsutsepo mkulu wake, ndiye nkhani ya mayeso inali itayamba kutsamira ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe.

Lachinayi masana magetsi anali atathawa monga mwa chizolowezi chawo, m'shopu muli mbuu. Madamu Ezinne, mayi wogulitsa nsomba zouma, anali atakhala pabenchi kudikira diresi lawo la ku ukwati. A Dede analowa mimba patsogolo.

"Ogbonna, mwanayu akadali kukumba chitsime pathanthwe?"

"Akuyesetsa, Dede."

"Akuyesetsa! Ine zaka makumi awiri ndikupenyetsa Aba yense. Ndimangomuyang'ana munthu akubwera, ndadziwa kale mandala ake. Fizikisi inandipatsapo moni ine? Bwera nalo kuno bukulo."

Ujunwa anapereka ndi manja awiri. A Dede anakankhira mandala awo m'mwamba ndi chala, natsegula pomwe panali chithunzi cha diso, mtengo uli kutsogolo kwake, kamtengo kena kali m'kati mwa disolo mizu kumwamba.

"Ichi n'chiyani? Osindikiza analedzera?"

"Ayi, Dede. Zonse zimene timaona zimagwera m'diso chozondoka. Ubongo ndiwo umaziwongola."

A Dede anaseka mpaka chipewa kupendekeka.

"Madamu, mwamva? Akuti pano mwakhala mutu pansi! Nanga supu tikamathira m'mbale bwanji sapita kudenga? Ogbonna, mwana akupenga uku ukuona. Lolemba abwere kumsika, ndimuphunzitse za maso zenizeni."

"Ine mutu pansi ayi," anatero Madamu Ezinne, akukokera nsalu yawo m'maondo. "Ndine mayi wa mumpingo."

Ogbonna anavula mandala ake olowetsera ulusi pasingano, napukuta nkhope. Ujunwa ankawadziwa mapukutidwe amenewo. Bambo ake akapukuta choncho, mawu otsatira amakhala akuti, "Mwamva zimene anena akuluwa." Maso a Ujunwa anagwera pa mandala aja ali pathebulo, pomwe pamwendo wake panalembedwa kanambala, 2.5. Kanambala ngati kameneko anali atakumana nako m'mafunso kambirimbiri, koma sanaganizepo kuti kamakhalanso pamphuno pa bambo ake.

"Papa, ndibwerekeni mandala anuwo ndi tepi yoyezera, ndikuonetseni zimene buku likunenazi. Zikakanika, Lolemba ndipita kumsika."

Pakamwa pamathamanga kuposa mwiniwake. Atangotero anafuna kuwameza mawuwo, koma anali atatuluka.

"Mwamva nonse," anatero a Dede. "Wanena yekha."

Ujunwa anatchinga zenera ndi nsalu yakuda ya maliro, kuwala kunkangolowera pakhomo pokha. Anapempha a Dede kuti akaime panja padzuwa, moyang'ana m'shopu. Iwo anapita monyada, naima ngati ojambulitsa, dzanja m'chiuno. Mtsikana anayeza kuchoka pomwe anaima mpaka pafupi ndi khoma lakumbuyo, napeza mamita anayi. Kenaka anatola choko chodindira nsalu n'kuyamba kulemba pathebulo lodulira. Analakwitsa, nafufuta ndi chigongono, nayambiranso.

"Fulumira, mwana iwe, dzuwali si la masewera!" anakuwa a Dede.

"Papa, yezani masentimita makumi anayi ndi anayi kuchoka pakhoma."

"Mundiuze m'mainchesi, mayi, ine ndine telala."

"Khumi ndi asanu ndi awiri, n'kachidutswa."

Ogbonna anakanikiza tepi pakhoma, naika chala chachikulu panambalayo. Ujunwa anabweretsa mandala aja pang'onopang'ono. Ali kutali, pakhoma panangooneka chimtambo choyera. Anasendeza, chimtambo chija chinayamba kufinyika. Atafika pachala cha bambo ake penipeni, Madamu Ezinne anakuwa.

"Chineke, Mulungu wanga! Ndi a Dokita!"

Analidi iwo. Pakhoma loyeralo panali tianthu tiwiri totalika ngati chikhatho ndi theka, aliyense chipewa chofiira pansi, mimba pakati, nsapato zikuloza malata.

"Awiri achuluka," anatero Madamu. "Mmodzi yemweyo amatikwana."

Ujunwa anaphimba galasi limodzi ndi dzanja, panatsala Dede mmodzi. Panja a Dede anakanda mwendo ndi phazi linalo, ndipo kam'khomako kanapalasa mwendo m'mwamba ngati nkhuku yogwidwa kumsika. Madamu anagwa pabenchi ndi phwete.

Ogbonna sanaseke. Anasuntha dzanja la mwana wake inchi imodzi kutsogolo, chithunzi chinasungunuka. Analibweza pachala paja, chinabwerera. Anayang'ana nambala ya choko pathebulo, nayang'ana tepi, nayang'ananso choko. Munthu ameneyu moyo wake wonse anali asanakhulupirirepo muyeso umene sanauyeze yekha, chifukwa makasitomala onse amanama za m'chiuno mwawo.

"Iwe unadziwa nambalayi usanayeze?"

"Buku ndilo limatero, Papa. M'diso mulinso kagalasi kotere, khoma lake lili kumbuyo."

Ndiye ndagi yanga ija mwaimva, inu a mabenchi. Ujunwa nayenso anaimva tsiku lomwelo, ali chigwirire mandala a bambo ake.

A Dede anatopa n'kumva anthu akuseka zomwe iwo sakuziona. Analowa thukuta lili kamukamu. Madamu anadzipereka kukaima panja, atayamba amanga nsalu yawo zolimba, ndipo a Dede anaona ndi maso awo mayi wa mumpingo ali dodolido pakhoma la mng'ono wawo. Anatsokomola.

"Zimenezi ndimazidziwa kalekale, ndimangomuyesa mwanayu. Komanso timandala timeneto n'tachabe, ndinakupatsa ine ndemwe. Ayese angawa aone mphamvu ya Jeremani. Pakhomapo patuluka Madamu wathunthu, ndi ndolo zomwe."

Anawavula okha, nawapereka okha. Palibe anawakakamiza, ndipo ichi ndichinene poyera chifukwa masiku ano amakana.

Ujunwa anayang'ana pamwendo wa mandalawo, panalibe nambala. Anawaika pafupi ndi khoma, palibe. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kukagunda makina, khoma lili chete.

"Ndatuluka?" anafunsa Madamu ali panja.

"Wagwira molakwika," anatero a Dede.

"Mwina ndi a mtundu winawo, Dede," anatero Ujunwa mwaulemu, pakuti analeredwa bwino. "Magalasi a anthu osaona patali saponya chithunzi pakhoma. Koma amenewo amachepetsa zilembo. Tiyeni tione."

Anawagwira motalikirako pang'ono ndi kalendala ya mpingo yomwe inali pakhoma. Zilembo sizinachepe. Sizinakulenso. Anawayendetsa uku ndi uku, Loweruka linangokhala pomwe linali, osasuntha n'pang'ono pomwe. Mtsikana anangowapereka kwa bambo ake, chifukwa zina mwana sanena kwa bambo ake aakulu.

Ogbonna anatenga mandalawo, nawavala, nayang'ana singano. Anawavula, nayang'ananso singano. Kenaka anagogoda galasi ndi chikhadabo, nacheukira pazenera.

"Dede," anatero mofatsa, "galasi ili ndi la pazenerali mayi wawo ndi mmodzi."

"Ku Jeremani amapanga mphamvu yosaoneka!"

"Zaka makumi awiri!" anatero Madamu Ezinne atatsamira chitseko, misozi ili mbwembwembwe. "Dokita, ndiye mumationera pawindo ngati mwana wotsekeredwa m'nyumba?"

Ogbonna anayesa kudzigwira, poti mkulu ndi mkulu, koma mapewa anamupereka. Atapeza mpweya anapinda tepi yake bwinobwino n'kuipereka kwa mwana wake.

"Sunga, uyezere zina zimene zatsala m'bukumo. Lolemba Dede apeze wina. Iwe Loweruka lija ukukalemba."

A Dede anatola mandala awo, nawayang'ana ngati awalakwira, nawaponya m'thumba la malaya. Anatuluka nkhope ili yokhayokha, nalumpha ngalande ya pakhomo, nazemba keke, njinga yamoto ya matayala atatu, yomwe inkabwera mothamanga, osaphonya phazi ngakhale limodzi.

"Taonani!" anakuwa Madamu, msewu wonse ukumva. "Mwanayu sanalowe n'komwe sukulu, wachiritsa kale wakhungu woyamba!"